Chinsinsi cha Hector Ndinachisunga Masiku Atatu

Anzanga, Hector ndinakumana naye ku Chamama. Mvula inandipeza panjira ndikuchokera kusukulu komwe ndimaphunzitsa, ndiye ndinathawira m'chigafa cha eni. M'katimo munali mnyamata akusoka fodya, Hector ameneyu.

"Madamu, khalani apa," anatero akuseka, "koma mununkha fodya mpaka Lolemba."

Chaka chisanathe tinali titayamba kukamba za chinkhoswe.

Kenako anayamba kuonda. Pa njinga yake yamoto ankakhala chopendekera, ndikamufunsa ankati ndi msana. Tsiku lina anandiuza zoona: ankataya magazi akapita kuchimbudzi, ndipo madokotala ku Lilongwe anali atapeza chotupa kumapeto kwenikweni kwa matumbo. Dzina lake ankati GIST. Anamwa mapilitsi miyezi ingapo kuti chichepe, kenako anamuchita opaleshoni.

Chotupacho anachichotsa chonse. Koma anamuika kathumba pamimba kolandira chimbudzi, podikira kuti m'kati mupole.

Atabwerako kuchipatala, Hector anakweza malaya n'kundionetsa.

"Feliya, akudziwa ndi amayi ndi iwe basi. Please."

Ndinalonjeza. Koma anzanga... zinandilemera. Tsiku lachitatu ndinauza Fainala, mphunzitsi mnzanga, ndikungofuna wondilimbitsa mtima. Nayenso analonjeza.

Sabata isanathe, Chamama yense anadziwa. Hector atalowa m'golosale, anyamata ena anagwira mphuno. Kutchalitchi anthu anasuntha mmodzimmodzi mpaka anatsala yekha pabenchi, ine ndikuona ndili kukwaya. Sindinadzuke!

Sanandikalipire. Anabwera kusukulu masana, n'kuima pageti.

"Mpeni wa adokotala sindinaumve, ndinali m'tulo," anatero motsitsa mawu. "Izi ndazimva."

Analiza njinga n'kumapita.

Anasamukira kwa amalume ake ku Simlemba, nambala anasintha. Patatha miyezi inayi ndinamva kuti kathumba kaja anakachotsa, wachira, mpaka wayamba kunenepa. Ndinapita komweko kukapepesa. Amalumewo anandilandira mwaulemu, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kundiuza kuti Hector wapita kumunda. Ndinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Nthawi yonseyo njinga yake inali pakhonde, ndipo kawiri ndinamva munthu akukhosomola m'nyumba. Chifuwa chimenecho ndimachidziwa.

Papita zaka ziwiri tsopano. Fainala ndimapatsana naye moni bwinobwino, pakuti wolakwa si iye. Amene anaonetsedwa bala lija ndine.

Anzanga, munthu akakuululirani chomwe chimamuchititsa manyazi, ngakhale chikulemereni bwanji, lirani nacho nokha.