Enelesi sanadzole chitedze

Ine Lazaro ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinanamizira mlongo wanga Enelesi. Lero mano anatha m'kamwa, koma ndikakumbukira bodza limenelo ndimalumabe nkhama ndi ukali.

Tinkakhala kwa Nkomeshya, kumene atate anasamukira kuchokera ku Katete. Anali ndi dimba la repu ndi tomato m'mbali mwa mtsinje, ndipo othirira tinali ife awiri. M'mwezi wa Juni tinkalowa m'madzi dzuwa lisanawombe, zala zitauma pa chogwirira cha ndowa.

Enelesi akangokhudza madzi amenewo, khungu lake linkatuluka ziwengo zikuluzikulu, zotukuka ngati wakwapulidwa ndi lamba, m'manja ndi m'miyendo. Ankadzikanda mpaka magazi. Pofika masana zonse zinkazimiririka. Amayi anayamba kumusiya kunyumba m'mawa, ndipo ndowa zake zinagwera ine.

Mapewa atandipweteka masabata awiri, ndinapita kwa atate.

"Atate, uyu mwana akunamizani. Namuona adzola chitedze kuseli kwa nkhokwe kuti asayende kudimba."

Sindinaone kanthu. Koma atate anakhulupirira msanga, pakuti kwa iwo matenda otha masana anali ulesi. M'mawa mwake anamukoka dzanja mpaka kumtsinje, amayi akutsatira m'mbuyo.

"Atate ake Lazaro, mulekeni mwana! Simuona mwamene atupira?"

"Chitedze chichoka na madzi," anayankha atate. "Lero asamba thupi lonse."

Enelesi anatembenukira kwa ine. "Achimwene, auzeni."

Ine ndinayang'ana ndowa.

Anamumiza mpaka m'khosi pa dziwe lomwe tinkatungapo. Sanalire nthawi yaitali. Atamutulutsa, nkhope inali itatupa, maso atatsekeka, mpweya ukulira pakhosi ngati wa nkhuku yodwala. Anagwa pamchenga. Chipatala chinali kutali, ndipo ngolo ya ng'ombe inafika naye atatsirizika kale. Pamaliro anthu ananong'onezana za ufiti. Atate anasiya dimba lija kumera thengo. Ine ndinatseka pakamwa mpaka ukalamba.

Chaka chatha, kuno ku Kanakantapa, mdzukulu wanga Taonga anabwera kuchokera kotunga madzi manja ali ndi ziwengo zomwe zija. Tinakwera minibasi tsiku lomwelo. Kuchipatala namwino anaika kachidutswa ka ayezi pamkono wa mwanayo, ndipo atakachotsa, malowo anatukuka ife tikuona.

"Ambuya, aya ni matenda eni-eni," anandiuza. "Thupi yake siifuna kuzizira. Azimwa mapiritsi aya, azifunda, azisamba madzi ofunda. Mumtsinje asangene. Mukaona milomo yatupa kapena abanika, muthamange naye kuno, pali nyeleti yake yomubaya."

Kachidutswa ka ayezi! Kanthu kosungunuka m'dzanja kakanamuimira mboni Enelesi, pamene ine mlongo wake ndinakana. Kuwerenga ndinaphunzira ndili ndi imvi, kusukulu ya akuluakulu, choncho pepala la malangizo limene namwino analemba ndinaliwerenga ndekha katatu.

Zaka zonsezi ndinkakwiyira atate, ndinkakwiyira mudzi wonse umene unkayesa kudwala kwa mwana ulesi. Tsopano ndikuona kuti onsewo anachita mosadziwa. Mmodzi yekha pamchenga paja ndiye ankadziwa choona, ndipo anasankha kupumitsa mapewa ake.

Chisanu chikayamba, madzi a Taonga ndimatenthetsa ndekha. Tsiku lina atate wake, mwana wanga Yona, anandipeza ndikukoleza mbaula, naseka.

"Atate, muzamuononga uyu. Ni ulesi chabe, sitinakule na madzi ozizira ife?"

Ndinamenya ndodo pansi mpaka nkhuku zinabalalika.

"Ukabwerezenso mawu amenewo pakhomo pano! Khala pansi apo."

Anakhala, atadabwa. Ndipo iye anakhala munthu woyamba kumva kuchokera pakamwa panga kuti azakhali ake, amene sanawaonepo, sanadzole chitedze.