Tsiku Limene Alefa Anabereka Yosefe Kumbuyo

Anzanga amene mwatopa ndi matenda, tabwerani mumve za azakhali ena a kwathu ku Milonde kkkk ine nkhani yake ikumandisangalatsa heve.

Ndi kale, nthawi ya chipani chimodzi, ija akazi sankavala thalauzi. Azakhaliwo, Alefa, anali ndi khunyu. Tsiku lina anagwa akuphika, mkono uli pamoto. Potsitsimuka anapeza mayi ake atamulanda khanda lake, Yosefe.

"Kuyamwitsa uziyamwitsa uli pansi. Kubereka ayi. Ukagwa naye chagada?"

Eee zinamuwawa. Anzake akupita kothyola tiyi ana ali kumbuyo, iye msana uli mbee ngati mtsikana. Ndiye anthu ankati wakhunyu akangopsa ndi moto basi, palibe mankhwala angamugwire. Alefa anakhulupirira.

Koma panali Anesi, mnzake wapakamwa, uja sasunga mawu.

"Iwe nyamuka tipite kuchipatala. Moto unawotcha mkono, sunawotche chipatala."

Alefa anapita, koma atafunda nsalu mpaka m'zala kubisa chipsera, dzuwa lili phwee kkkk. Ankaopa kuti akachiona amubweza.

Adokotala anangoti, "Mayi, simukumva kutentha? Tachotsani nsaluyo."

Anachotsa, chipsera chija poyera.

"Pepani, munapsa kwambiri. Koma khunyu ili mu ubongo, si pakhungu. Si ufiti, ndipo sapatsirana. Mapiritsi awa tsiku lililonse, osadumphitsa."

"Ngakhale ndinapsa?"

"Opsa ndi ambiri amene akumwa, ali bwinobwino."

Abale, Alefa analira njira yonse, Anesi akumuseka.

Anamwa, kugwa kunachepa, kenako zii. Ndiye iye nkuti ndachira, nkusiya. Mayooo anagwanso pamsika pa Chinakanaka, anthu balala kuthawa malovu. Anesi yekha ndi amene anamugoneka chammbali mpaka zitadutsa.

"Chitsiru iwe, anakuuza kuti usiye ndani?"

Anayambiranso. Mvula kaya matope, mapiritsi akatsala pang'ono ulendo wapansi kukatenga ena. Mayi ake akungoyang'ana. Chimanga chinakololedwa kawiri Alefa osagwa.

Mmawa wina mayi aja anatulutsa chitenje nkumuponyera.

"Kamutenge mwana wako. Wandithyola msana."

Koma anzanga, Yosefe anali atakula!! Akuyenda, akuyankhula, akuthamangitsa nkhuku kkkkk. Alefa anamugwirabe nkumuponya kumbuyo, miyendo lendelende mpaka m'mawondo.

"Amayi nditsitseni, ndimayenda ndekha!"

"Khala chete, lero ndi langa."

Anazungulira naye mudzi onse, kulonjera ndi anthu amene sankayankhulana nawo omwe, Anesi akuyimba nthungululu pambuyo.

Ndiye iwe amene ukugwa, kapena m'bale wako, chipsera usabise ayi. Pita kuchipatala, imwa mankhwala ako, ukadumphitsa yambiranso. Usafooke wamva? Wakoyo udzamubereka, olo atamera ndevu kkkk.