Wodwala wa pansi pa nkhokwe

Dzulo ndinaona kabotolo ka jivi, mankhwala opaka pazilonda aja, m'golosale ku Chimbiya, ndipo ndinakumbukira wodwala wanga woyamba. Paja ine udokotala ndinauyamba ndikadali wamamina. Za kukoleji ndinazisiyira panjira poona kuti akundichedwetsa.

Wodwalayo anali mphaka wam'tchire amene anapulumuka pakhwekhwe mwendo utang'ambika, n'kudzabisala pansi pa nkhokwe yathu. Ukayandikira ankalusa ngati mphiri. Bala linayamba kununkha, ntchentche n'kumasonkhana.

"Umugwire uone," anatero amayi. "Ine sindikuberekera kuchipatala ku Boma ndi chisanu chino."

Ndinamangirira kansanza kunsonga ya nsungwi n'kuviika mu jivi. Amayi ankamuponyera mitu ya usipa, mphakayo akawerama kuti adye, ine n'kumudinda. Kuphonya kunalipo ndithu, moti jivi anafika mpaka kumakutu, koma bala linauma.

Atachira ndinamuyalira saka pakhonde, poganiza kuti abwera kudzagona pafupi ndi dokotala wake. Anadutsa pabwalo akutsimphina, osandicheukira n'komwe. Ndinalira.

"Ukulira chiyani iwe?" anafunsa amayi. "Makoswe ukuwamvanso m'nkhokwemo?"

Pokula ndakumana ndi anthu ambiri odziwa kunena zikomo, koma chimanga chofika mu Febuluwale ndinachiona chaka chimenecho chokha.