Mileme ya a Musaphethire

Kwa zaka makumi atatu anthu ankawatchula kuti a Musaphethire, chifukwa ndiwo mawu amene ankauza aliyense wokhala pampando wa mu situdiyo yawo. Anajambula akwati, makanda, ofuna ziphaso, ngakhale amuna ena obwera ndi akazi awiri osiyana mwezi umodzi, iwo pakamwa ali tseke. Mafoni atachuluka situdiyo ija inasanduka saluni. Anatsala ndi kamera, msana wowawa ndi ng'ala m'maso onse awiri. Za ng'alazo sankafuna n'kumva komwe.

Kuseri kwa nyumba zimene ankakhala kunali mitengo isanu italiitali, ndipo chaka chilichonse munkafika mileme ikuluikulu yodya zipatso, ya nkhope ngati tiagalu. Masana inkalendewera n'kumakangana, fungo lili guu, zovala pachingwe zili mathothomathotho. Komiti ya pamalopo inagwirizana zodula mitengoyo. A Musaphethire anapempha kuti adikire kaye, poti mileme ina inali ndi ana.

"Tionetseni, bambo," anatero wapampando. "Si ndinu ojambula?"

Mawuwo anawalasa. Milungu itatu anakhalira kugona chagada pakatoni pansi pa mitengo ija, kamera italoza kumwamba. Koma mleme suuzidwa kuti utukule chibwano. Ukauloza umadzifunditsa mapiko. Kumwamba kowala, nyama yakuda, chithunzi n'kutuluka ngati masanza okodwa munthambi. Zitosi zinawagwera pashati ndi pamagalasi, khosi linauma.

"Bambo, mwakula," akazi awo ankatero akuwathowa msana. "Kamerayi apatseni apongozi anu, inu mupite kuchipatala."

"Chimodzi chokha, basi."

"Munateronso dzana."

Kunena zoona anali atatopa, kutopa kofika m'mafupa. Kumwamba ankangoonako nkhungu, moti ankadina batani potsatira kulira kwa tiana. Zimenezi sanauze munthu.

Tsiku lina mpongozi wawo uja, mkazi wa mwana wawo, amene ankagwira ntchito kotsukira zithunzi, anasuzumira mu kamera muja nati, "Apongozi, ichi chagwira. Mayi ndi mwana wake pachifuwa, maso ali tong'o."

Ntchitoyo anamuphunzitsa ndi iwo omwe, pamodzi ndi lamulo lawo losasintha: mutu pamwamba, zosafunika dula. Mpongoziyo anamvera lamulolo. Anatembenuza chithunzicho, nadula nthambi, nachiika mufelemu.

Loweruka masana a Musaphethire anavala jekete, nakaima pamaso pa komiti atanyamula felemu ija ndi manja awiri. Kunayamba mmodzi, kenaka onse anafa nacho chikhakhali. Mleme unali utaima chilili popanda chopondapo, ngati mayi wachikhoti akudikira basi pamsewu.

"Mleme unayamba liti kuimirira, bambo?" anafunsa wapampando akupukuta misozi. "Ngati mwautembenuza, tidziwa bwanji kuti mwanayo simunachite kumatapo?"

Kusekako sikunawapweteke kwenikweni, poti wojambula amazolowera kusekedwa ndi anthu osakonda mphuno zawo. Chinawapweteka n'chakuti chithunzicho anachiyang'ana m'mawa wonse, pazenera penipeni, osaonapo cholakwika.

Mitengo inagwa Lachiwiri. Iwo sanatuluke. Makina odulira akulira panja ndi mileme ikuzungulira dzuwa lili pamutu, anaitanitsa mpongozi wawo, namupatsa kamera, chikwama chake ndi kansalu kopukutira galasi.

Mayiyo anagwada, nkhope ili pansi. "Apongozi, ndinalakwitsa ndine."

"Ayi, mayi. Munachita zimene ndinakuphunzitsani." Anatembenukira kwa akazi awo. "Kuchipatala kuja amatsegula nthawi yanji?"

Kenaka anatola felemu ija patebulo. Anaitembenuza, naitembenuzanso, naiyandikiza kumaso mpaka mphuno inagunda galasi.

"Ndikufuna ndiipachike momwe mlemewu unalili mumtengo," anatero. "Tandiuzani, kumwamba ndi kuti?"