Msuzi wa Bonya M'munda wa Ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ababa anandipatsa ntchito yothira msuzi wa bonya m'chimanga chathu. Tinkakhala kumalayini, m'nyumba za antchito a pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Amayi ankathyola tiyi. Ababa ankayendera minda ya esiteti, kutembenuza masamba ndi kufufuza tizilombo, kenako n'kukauza akapitawo zomwe aona. Kunja kwa malire a esiteti, cha ku Kapichi, tinali ndi kamunda kathu pamalo otsetsereka. Sikanali kakakulu, koma ndi komwe kankatidyetsa.

Chaka chimenecho mvula inachedwa, ndipo itabwera inagwa masabata awiri n'kudula. Dzuwa linawomba ngati mu Okutobala. Chimanga chitafika m'mawondo, masamba anayamba kuoneka obowokabowoka, ndipo pamtima pake, pomwe masamba atsopano amatulukira, pankadzaza zinyalala zonga utuchi wonyowa. Ukatsegula pamenepo unkapeza mbozi yonenepa itadzipinda. Ena ankati ndi ntchemberezandonda, koma ababa ankakana. Ankati zakale zija zinkayenda poyera, chigulu, n'kutha zokha. Izi zinali zachilendo, zobisala.

Mankhwala ogula sitikanawakwanitsa. Ababa anamva kwa mnzawo wa kuntchito kuti alimi ena akuwiritsa bonya, n'kuika shuga pang'ono m'msuziwo, n'kumathira pamtima pa chimanga kuti nyerere zibwere zidzagwire mbozi. Amayi anaseka atamva, koma anawiritsa ndithu. Popeza onse awiri ankaweruka mochedwa, ntchito yothira inagwera ine. Masiku atatu alionse, ndikachoka kusukulu, ndinkayenera kunyamula chigubu cha malita asanu ndi kabotolo kobowola pachivindikiro, n'kupita kumunda.

Ulendo woyamba ndi wachiwiri ndinagwira bwino. Maulendo onse awiri ndinayambira kumtunda, phesi ndi phesi, mpaka msuzi utatha chapakati pa munda. Ababa anati ulendo wotsatira ndiyambire pomwe ndinalekezera. Koma fungo la bonya silimachoka msanga. Linakakamira m'manja, linalowa ndi m'yunifolomu. M'kalasi mwathu munali mtsikana wina, Tamanda, mwana wa akalaliki a kufakitale, yemwe ndinkafunitsitsa kuti akhale mnzanga. Tsiku lina anandiona panjira nditasenza chigubu, n'kundifunsa kuti muli chiyani. Ndinamuuza zoona. M'mawa mwake kalasi yonse inali ikudziwa kuti kwathu timapatsa chimanga ndiwo, ndipo ndikamadutsa ena ankagwira mphuno.

Kuyambira pamenepo ndinasiya. Chigubu ndinkanyamulabe, koma ndinkadzera njira ya m'mabulugamu yomwe simudutsa anthu. Ndikafika pachitsa china chachikulu ndinkakhuthula msuzi wonse, n'kukhala pansi kudikira kuti nthawi ipite, kenako n'kukasamba m'manja kumtsinje ndi mchenga. Ababa akandifunsa, ndinkati ndathira. Ndinachita zimenezi kanayi.

Loweruka lina masana ababa anabwera kuchokera kuntchito osavula n'komwe majombo.

"Edina, tiye undiperekeze kumunda," anatero.

Sanatenge njira yathu ya masiku onse. Analowera m'mabulugamu, ine ndili pambuyo. Titafika pachitsa chija anaima. Pansi ponse panali bii ndi nyerere, mizere ikuchokera mbali zonse, ndipo fungo linali lidakalipo.

"Dzulo ndinadutsa muno pochokera kumunda wa tiyi wa kuseriku," anatero. "Ndinadabwa kuti nyerere zonsezi zikufunanji pachitsa chouma. Undiuza iwe kapena ndifunse nyererezi?"

Ndinalira, ndipo ndinawauza zonse, za Tamanda ndi za fungo. Ndinkadikira kuti athyole kanthambi, koma anangoti tipitirire.

Kumunda anandiuza kuti ndiyambire kumtunda, nditsegule mapesi makumi awiri ndi kuwerenga mbozi. Ndinapeza zitatu, ndipo m'mapesi ambiri munali nyerere zikuyendayenda. Kenako tinatsikira kumunsi, komwe msuzi sunafikeko. Kumeneko pafupifupi phesi lililonse linali ndi yake. Mapesi ena mtima unali utadyedwa wonse, ukangogwira n'kuzuka. Ababa anakhala pamzere n'kuvula chipewa.

"Kunena zoona, inenso sindinkakhulupirira kuti msuziwu ungathandize," anatero. "Lero ndaona ndi maso anga, ndipo ndaona chifukwa cha iwe. Koma wandinamizanso. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo china sichikufafaniza chinzake."

Ndinawafunsa chifukwa chake mbozi zimenezi zinabwera kwathu. Mwina ndinkafuna kuti pakhale wina wolakwa kuposa ine. Anandiuza kuti sakudziwa bwino komwe zinachokera, anangomva kuti ndi kutsidya kwa nyanja, ndipo agulugufe otuwa omwe amaikira mazira ake amauluka mitunda yaitali ndi mphepo. Chomwe ankachidziwa ndi chifukwa chake zinakhazikika.

"Ndikuyamba ntchito, mu Juni tinkathyola tiyi zala zitauma ndi chisanu. Chiperoni chinkatha sabata yathunthu, dzuwa osalionako. Kuzizira kuja kunkafooketsa tizilombo, tinkaswana pang'onopang'ono. Ndiye mvula ikabwera yamphamvu inkakokolola mazira ndi timbozi tating'ono. Pano chisanu n'chochepa, mvula ikungodukiza. Kwatentha, ndiye zikuswana msanga. Ngakhale m'tiyi ndikupeza tizilombo m'miyezi yomwe kale ndinkangoyenda osalemba kanthu."

Chilango changa chinali chakuti masiku onse, kwa masabata atatu, ndipite kumunsi kuja ndikachotse mbozi ndi manja, kenako ndithire msuzi. Tsiku loyamba ndinagwira ndekha, monyansidwa. Tsiku lachiwiri ndikufika ndinapeza ababa ali kale m'mizere, atapempha kuweruka msanga. Anandionetsa mmene ungatsegulire mtima wa chimanga osauthyola, ndi mmene mazira amaonekera kunsi kwa tsamba, kagulu kotuwa konga thonje. Popita kunyumba anadzera msewu waukulu, pafupi ndi nyumba za akalaliki, atanyamula chigubu chija m'manja mwawo, akupereka moni kwa aliyense. Ine ndinkayenda pambali pawo. Palibe anagwira mphuno.

Kumunsi tinapulumutsako pang'ono, koma osati zambiri. Chimanga cha chaka chimenecho chinatha mu Novembala, pomwe zaka zina chinkatifikitsa mu Febuluwale. Tinadya chinangwa ndi nthochi zophika kwa miyezi ingapo, ndipo mng'ono wanga ankadandaula tsiku lililonse. Amayi ankadziwa zomwe ndinachita, ababa ankadziwa, koma panalibe tsiku lomwe wina anandiloza chala pa nthawi ya chakudya. Izi ndinazizindikira mochedwa, nditakula, ndipo ndi zomwe ndimaziyamikira koposa.

Tsopano ndili ndi kamunda kangakanga ku Chimaliro. Mbozi zija sizinachoke, ndipo zaka zotentha kwambiri zimabwera molawirira. Msuzi suthandiza nthawi zonse, ndaphunziranso njira zina. Nyengo sindingaibwezere momwe inalili ababa ali anyamata. Chomwe ndingathe ndi kupita kumunda, kutsegula phesi, kuyang'ana, ndi kunena zomwe ndaonadi, ngakhale zitakhala zondichititsa manyazi. Ababa anapuma pantchito, maso awo sakuonanso bwino. Ndikapita kukawaona amandifunsa kuti m'mapesi makumi awiri ndapezamo mbozi zingati, ndipo nambala yomwe ndawauza amaikhulupirira.