Udzu umene bambo anamweta pachabe

Bambo anga anali wofolera nyumba, ndipo denga la sukulu yathu linali lawo. Palibe anawalemba ntchito imeneyo. Chaka ndi chaka udzu ukauma, ankakwera m'munsi mwa phiri la Malosa ndi zenga lawo, n'kumatsitsa mitolo mpaka itaunjikana kuseri kwa kalasi. Mu Okutobala makolo ankabwera kudzawaponyera mitoloyo, iwo ali pamwamba, akukalipira aliyense m'Chilomwe. Kulemba sankadziwa, koma ankati aliyense wodziwa kuwerenga m'mudzimo anadziwira pansi pa udzu wawo, ndi ine ndemwe.

Ndinabwerera pasukulupo ngati mphunzitsi dziko litangolandira kumene ufulu. Ndinali mtsikana wodzimva, wa nsapato ndi ambulera, ndipo denga lija linkandichititsa manyazi. Chiswe chinkawaza dothi m'mitu mwa ana, abuluzi ankagwera pamasileti. Komiti ya sukulu itaganiza zopempha chithandizo kuboma, amene analemba kalatayo mwaukhondo ndinali ine.

Yankho linabwera mu Meyi. Boma linavomera kutipatsa malata, matabwa, misomali ndi kalipentala. Ahedi anandiitanira muofesi.

"Musafalitse kaye, tiyambe taona lole," anatero. "Koma bambo anu okha mukawanong'oneze, angavutike ndi udzu pachabe."

Nditafika kunyumba ndinawapeza akunola zenga pamwala, akuimba.

"Aphunzitsi," anandiitana monga ankachitira pondiseka, "chaka chino ndikuikirani denga loti ndi Napolo yemwe adzalilambalala."

Ndinaseka nawo, mumtima n'kuti ndiwauza mawa. Mawalo linasanduka mkuja. Paja amati zengerezu analinda kwawukwawu. Kunena zoona, ndinkaopa kuona nkhope yawo, ndipo ndinkadzinamiza kuti zaboma zimachedwa, mwina udzuwo ugwirabe ntchito. Miyezi iwiri yathunthu ndinkawaona pazenera la kalasi akutsika ndi mtolo pamutu, akutsimphina ndi bondo lawo lija, ine choko chili m'manja.

Lole inafika mu Ogasiti. Ana anathawa m'makalasi kukailandira, amayi analuluta. Bambo anaima pafupi ndi mulu wawo wa udzu, chipewa chili m'manja, akuyang'ana malata akutsitsidwa. Ahedi, osadziwa kuti sindinawauze, anapita kukawapatsa moni pamaso pa anthu.

"Pepani bambo, kodi aphunzitsi sanakuuzeni mu Meyi muja?"

Bambo anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Anandiuza," anayankha. "Makani ndi anga."

Anthu anaseka makani a nkhalamba, ine ndili chilili osatsutsa. Sabata imeneyo bambo anatuta mitolo yonse okha kubwerera nayo kumudzi, ndipo anakana aliyense wofuna kuwathandiza. Nkhaniyi sanaitchulenso, koma dzina la aphunzitsi lija linathera pomwepo.

Malatawo anatithandiza, sindinganame. Mabuku anasiya kunyowa, chiswe chinatha. Koma mvula yoyamba itagwa tinazindikira zimene palibe anatiuza. Phokoso lake linali ngati akukhuthulira chimanga padenga. Ndinkafuula mpaka kusasa mawu, ana akungoona milomo yanga. Mvula ikalimba tinkangokhala, kudikira kuti ikate.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu nditanyowa, ndinapeza bambo pakhonde akupota chingwe. Anandifunsa osadzutsa mutu.

"Kodi mwanangu, mvula ikamagwa ana akumamva bwinobwino?"

"Akumamva, ababa."

"Chabwino," anatero, n'kupitiriza kupota.

Ankadziwa. Munthu amene wakhala pamadenga moyo wake wonse sangalephere kudziwa kulira kwa malata. Anangofuna kuti ndinene ndi pakamwa panga kuti pansi pa udzu wawo tinkamvana. Chinali choona, sichikananditengera kanthu, koma kunyada kunandiletsa. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero kuposa mitolo ija.

Anamwalira patapita zaka zitatu, osapondanso pasukulupo. Nyumba yanga ino ndi yamalata, ndipo mvula ikayamba ndimasiya kulankhula.