Chimanga cha m'dramu ndi nkhumba ya bere

Mwaswera bwanji nonse.

Lero kuno ku Tembwe tatsegula dramu lija. Paja njovu zitagwetsa chimanga chisanaume, ndinachisinja chachiwisi, n'kuchitsendera m'dramu, n'kumata ndi dothi kuti chidzakhale cha nkhumba.

Pamwamba pachita chuku. Amalume a Goma angoyang'ana n'kunena kuti, "Iwe Tiyezge, taya. Ufuna kupha nkhumba ya bere?"

Koma chapansi n'choyera, chikununkhira ngati thobwa. Fungo limeneli ndinalidziwa m'ma 1990, amayi atamwalira. Agogo akamakonza chimanga chotere ankandilowetsa m'dramu kuti ndizichiponda, poti ndinali wamng'ono. Ndinkangoona zonse osafunsa, ndiye sindikudziwa ngati ankapatsako nkhumba za bere.

Manje gaga watha, nkhumba ikulira m'khola. Inu amene munkawafunsa agogo, ndiipatse?